Yankho Loyamba Limene Cremilda Anataya

Cremilda anayamba kudana ndi chala cha Tio Custódio asanadane ndi mwini wake. Chala chimenecho ndicho chinkagawa mbewu. Chaka chilichonse mvula ikayandikira, bungwe la alimi la ku Milange linkalandira matumba a mbewu ya chimanga ndi nandolo kuchokera kwa othandiza a ku Quelimane, ndipo Custódio, pulezidenti wa bungwelo amene onse ankamutcha Tio, kutanthauza amalume, ankaima pambali pa matumbawo n'kumaloza. Uyu. Uyo. Mayi wa duku lachikasuyo. Chalacho chinkawadziwa bwino alamu ake, akwaya a kumpingo kwake, ndi aliyense amene anagwirapo nkhuku n'kukamusiyira pakhomo. Pomwe chinkafika kwa anthu wamba, matumba anali atagona pansi opanda kanthu.

Mmodzi wa anthu wamba amenewo anali Angélica wa ku Majaua, mng'ono wawo wa malemu amayi ake a Cremilda. Anabwera kuchoka ku makampu a anthu othawa kwawo a ku Malawi nkhondo itatha ali kamtsikana, anakwatiwa, anafedwa, ndipo dzinja lapitalo munda wake wa m'mphepete mwa mtsinje unakokoloka. Tsiku lililonse logawa ankafika m'mawa ndi kathumba kopinda bwino m'khwapa, madzulo n'kubwerera nako kali kopinda chomwecho.

N'chifukwa chake othandiza aja atalamula kuti chaka chino asankhe ndi makina, ndipo oyamba akhale amene minda yawo inakokoloka ndi amene sanalandirepo, Cremilda anatuluka mu ofesi kukaseka yekha kuseri.

Sukulu anaisiyira panjira. Kompyuta anaiphunzira pa kashopu ka mafotokope pafupi ndi msika wa ku Vila, m'tauni ya Milange, komwe mwini wake ankamulola kukhala pa makina masana makasitomala akasowa. Tsopano ntchito yake ku bungwe inali yosonkhanitsa zimene alangizi ankalemba m'mafoni akamazungulira m'minda. Mafoniwo ankatulutsa mafayilo a mtundu wotchedwa XML. Kwa ofuna kumva, amene sanali ambiri, Cremilda ankafotokoza kuti ndi madengu olowetsana: dengu lalikulu ndi posto, dera lalikulu la boma, mkati mwake muli midzi, m'mudzi muli mabanja, m'banja muli minda, m'munda muli zonse zimene zinauchitikira. Ndi maso sungawerenge, ndi thengo lokhalokha. Pamafunika pulogalamu yoti uifunse funso, iyo ilowe m'madengumo ikutulutsire yankho.

Othandizawo anatumiza mapulogalamu awiri, nati musankhepo imodzi. Mayina ake anali ovuta lilime, ndiye mu ofesi anangowatcha potengera mtundu wa kachizindikiro kake: Wofiira ndi Wobiriwira.

"Tengani aliyense, menina, mtsikana wathu," anatero Custódio akupukuta magalasi. "Onse ndi a azungu."

"Kutenga aliyense ndi kumene kwatifikitsa pano, Tio. Ndiwayesa."

Anali atawerenga pa foni, ataima pafupi ndi malire a ku Muloza pomwe netiweki ya ku Malawi imafika bwino, mmene anthu ophunzira amayesera mapulogalamu otere. Chingerezi chinkamupunthwitsa koma mfundo anaigwira. Suponya funso limodzi lalikulu n'kumati wapambana ndi uyu. Umaiphwanya ntchitoyo tizidutswa, n'kuyesa kachidutswa kalikonse pakokha. Funso lotsika kuchoka pa posto mpaka pa munda. Funso lokwera kuchoka pa munda kubwerera kwa mwini wake. Funso loyenda m'mbali, kufuna minda yonse ya banja limodzi. Funso lolumikiza za chaka chino ndi za zaka zam'mbuyo. Usinthe chinthu chimodzi chokha pa nthawi, fayilo ikule koma funso likhale lomwelo, kuti wotsalira adziwike chimene chamutsalitsa. Funso lililonse ulibwereze kambirimbiri. Ndipo yankho loyamba ulitaye, chifukwa makina amakhala asanatenthe.

Cremilda anaikonda njira imeneyi ngati mmene ena amakondera mpingo. Munalibe mlamu mmenemo. Wotchi inali imodzi kwa onse.

Anayesa sabata yathunthu. Tsiku lina Bonifácio, mlangizi wa ku Majaua, anafika pa njinga yake kudzasiya zolemba, nakhala pambali kumaonerera. Cremilda anatsegula Wobiriwira. Anatseguka nthawi yomweyo, ndipo funso lililonse ankayankha utapuma kawiri katatu, osafulumira, osachedwa, ngati wakabaza wokalamba amene amaudziwa mtunda wake. Kenako anatsegula Wofiira. Pagalasi panatuluka kamzere kodzaza pang'onopang'ono, pulogalamuyo ikumeza mafayilo onse ndi kudziyalira njira zake zamkati. Bonifácio anatuluka, anakagula nzimbe, anaisenda, anabwera akutafuna, kamzere kasanafike.

"Mana, chemwali, ameneyu akuperekeza maliro?"

"Dikirani muone."

Kamzere katadzaza, Wofiira anasanduka chinthu china. Chala chisanachoke pa batani yankho linali litafika. Fayilo yaing'ono, yaikulu, funso lotsika, lokwera, lolumikiza, zonse kuphethira kwa diso. Wobiriwira anatsala kutali moti zinkachititsa chisoni.

"Nanga kuchedwa koyamba kuja simukulemba?" anafunsa Bonifácio.

"Kumeneko sitiwerengera. Ndi lamulo la mayesowa."

"Lamulo la ndani?"

"La anthu amene anayamba izi inu mukuphunzira kupalasa njinga."

Bonifácio analavulira zotafuna m'dzanja, naseka. "Pronto, basi. Ine ndine wa nyemba, sindinganene."

Wofiira anapambana. Kompyuta ya bungwe inali yakale, malo ochepa, ndiye Cremilda anamufufuta Wobiriwira osamva chisoni. Custódio atapempha kuti mayina asindikizidwiretu pa pepala, anamuyang'ana m'maso.

"Kuti akagone kwanu usiku umodzi, m'mawa adzuke atabereka alamu? Ayi, Tio. Tikafunsa makina pamaso pa anthu, aliyense akuona. Ndipo za ku Majaua zomaliza zili m'foni ya a Bonifácio, tikaziika konko."

Custódio sanakwiye. Munthu ameneyo sankakwiya, n'chimene chinkamupweteka kwambiri Cremilda. Anangoti, "Zikhale choncho, injiniya wathu."

Tsiku logawa anafika ku Majaua kumwamba kutatseka. Mitambo inali itatsika mpaka pa mapiri, mphepo ikununkhira dothi lonyowa la kwina. Lole yobwereka inatsitsa matumba pabwalo la sukulu, ndipo dalaivala sanazimitse n'komwe injini. Anati msewu uwu mvula ikaugwira ndigona kuno mpaka Khirisimasi, natembenuka.

Anthu anali atadzaza kale pansi pa mitengo ya mango. Cremilda anawaona amayi ake aang'ono atakhala cha kumapeto ndi mnzawo Rita, amene munda wake unapita ndi madzi omwewo. Anawagwedezera mutu patali. Sanapite kukawapatsa moni, kuopa kuti wina anganene kuti makina anong'onezedwa.

Kompyutayo inalibe batire. Linatupa chaka chatha, analichotsa, ndipo mu ofesi ya ku Vila palibe ankakumbuka chifukwa inkakhala yolumikiza kukhoma. Kuno moto unali wa Bonifácio: sola imodzi yotsamira pa mpando, batire la galimoto, ndi inversor, kabokosi kosandutsa moto wa batire kuti ukhale ngati wa m'nyumba. Bonifácio anayala zonsezo pakhonde, nalumikiza chingwe cha mabowo ambiri. Cremilda anayatsa kompyuta, anaika zolemba zatsopano, anatsegula Wofiira. Kamzere kanayamba ulendo wake.

Apo n'kuti anthu atayamba kale kudzuka mmodzimmodzi. Ena anayenda kuchoka kutali kwambiri, kumene foni imakhala yozima sabata yonse itakulungidwa m'pepala la pulasitiki pansi pa mphasa. Ataona sola, manja analowa m'matumba ndi m'mipango. Ankafika pakhonde, kuwerama pang'ono, "Tipaleko moto, a Bonifácio," n'kulowetsa. Sankadikira yankho chifukwa yankho linkadziwika. Kumeneko munthu sumumana moto. Agogo awo ankapalana makala pa phale, iwo akupalana pa chingwe, ndipo womana mnzake amakambidwa mpaka pa maliro ake. Mabowo atadzaza, wina anatulutsa chingwe chake n'kulumikiza pa chinzake.

Kamzere kali pakati, kabokosi kanalira kamodzi, motalika. Galasi linada.

"Chachitika n'chiyani?"

"Chalemedwa," anatero Bonifácio. Anazimitsa kabokosi, anayatsanso. "Chimatero. Chikapuma chimadzuka."

Chinadzukadi. Koma Wofiira sankadziwa kupitiriza pomwe wasiyira. Anayambiranso pachiyambi, kumeza mafayilo onse kuchokera pa dengu loyamba.

Cremilda anayang'ana kamzereko, ndipo kwa nthawi yoyamba anakaona bwino. Sabata yonse ija ankakayang'ana kamodzi m'mawa, n'kutembenuka kukamwa madzi, tsiku lonse makina n'kukhala otentha. Anayesa chilichonse chimene pulogalamu ingachite itadzuka. Kudzukako sanakuyese. Anakuona ndi maso ake, n'kukutaya ndi dzanja lake, chifukwa anthu a kumene magetsi sazima analemba kuti n'kosafunika. Wobiriwira bwenzi atayankha kale funso lonse mkati mwa mpata umenewu. Wobiriwira anali kulibe.

"A Bonifácio, mafoniwa achoke kaye."

Bonifácio anayang'ana mafoni, anayang'ana anthu. Anatsitsa mawu. "Mana, ine ndimakhala kuno. Inu madzulo mubwerera ku Vila."

"Mphindi zochepa chabe."

"Auzeni ndinu."

Anaimirira, nawauza. Anapempha mwaulemu, anafotokoza kuti makina akufuna moto wonse kwa kanthawi. Anthu anavomera ndi mitu, ena anati n'zoona, n'zoona. Awiri atatu anachotsa mafoni awo. Koma mabowo opanda kanthu anaonekera kwa ena amene anali asanapeze malo, ndipo amenewo sanamve kuti pempholo linkawakhudza. Aliyense ankaganiza kuti kafoni kake kamodzi sikangagwetse chinthu chachikulu chotero.

Kabokosi kanaliranso. Galasi linadanso.

Pansi pa mango panayamba nthabwala. Wina anati makinawa ndi a mpingo wosagwira ntchito Loweruka. Wina anati ayi, akudikira nkhuku, nawonso ndi apulezidenti. Anthu anaseka, Custódio naye anaseka atakhala pa thumba, miyendo atapingasa. Dzuwa silinatuluke ngakhale pang'ono. Sola inangotsamira pa mpando paja ngati chitseko chothyoka.

Ulendo wachitatu kamzere kanapita patali. Cremilda anagwada pafupi, osapuma bwino, akukakankha ndi maso. Kanatsala kachidutswa ngati chikhadabo. Pomwepo mkulu wina, a Faustino, amene anali atangofika ndipo sanamve chilichonse, anawerama pambali pake mwaulemu wonse, nalowetsa foni yawo yaikulu.

Kulira kwa kabokosi kusanathe, Cremilda anali ataimirira kale. Anagwira chingwe cha mafoni n'kuchizula ndi mphamvu zake zonse. Mafoni anauluka. Ena anagwera pa dothi, ena pa simenti ya khonde. Ya a Faustino inagwa chafufumimba, ndipo atainyamula galasi lake linali litang'aluka ngati ukonde wa kangaude.

"Mukufuna mbewu kapena mukufuna mafoni? Zaka zonsezi mukuberedwa pamaso panu, lero tabwera kuti zithe, inu muli kalikiliki ndi timafoni topanda ndi mayunitsi omwe. Ndinu anthu otani?"

A Faustino anapukuta galasi losweka lija ndi chala chachikulu, kawiri, ngati ming'aluyo ingachoke. Anthu anabwera kudzatola mafoni awo osamuyang'ana. Womaliza anali Angélica. Anatola kafoni kake kakang'ono komangidwa ndi mphira, anakapukuta pa chitenje.

"Kanganso kanali pomwepo, mwanangu," anatero motsitsa. "Ndimafuna ndimuimbire mchimwene wako ku Nampula kuti lero ndalandira."

Anabwerera kukakhala.

Tsopano moto wonse unali wa kompyuta yokha, koma batire linali litapereka kale zimene linali nazo. Bonifácio anayatsa, kamzere kanayenda pang'ono, kabokosi kanalira. Anayatsanso, kanalira kompyuta isanadzuke n'komwe. Cremilda anapita kwa Custódio.

"Tio, batire la njinga yanu yamoto."

"Ha, limene lija linafa kalekale, menina. Ndimayiliza poiponda ndi mwendo." Anatambasula manja. "Ndikanakonda."

Mwina zinali zoona. Cremilda sanadziwe, ndipo sakanatha kukatsegula njinga ya munthu pamaso pa anthu amene anali atangowatukwana.

Kumapiri kunagunda. Mphepo inanyamula masamba ouma pabwalo, ndipo amayi ena anayamba kumanga ana kumbuyo. Aliyense ankadziwa kuti matumbawa akanyowa mbewu yatha, ndipo mvula yoyamba ikadutsa wosabzala wagona ndi njala chaka chamawa. Woyamba kulankhula anali a Faustino.

"A Pulezidenti, tigawireni mmene mumachitira muja. Tizipita."

"Eya, gawani," anavomera ena. Mawuwo anachokera mbali zonse, ngakhale kumapeto kuja kokhala amene sanalandirepo. Anthu omwewo. Cremilda anawayang'ana pakamwa kuti atsimikize.

Custódio anadzuka pang'onopang'ono, akukuntha fumbi pa thalauza. Anati iye sankafuna, othandiza analamula makina, koma mtsogoleri ndi wantchito wa anthu, ndipo anthu akanena iye ndi ndani. Anapepesa a Faustino m'malo mwa bungwe, nati mwanayu ndi wanzeru koma magazi ndi aang'ono, timukhululukire. Kenako anatembenuka.

"Injiniya, bwerani mutigwirire kukamwa kwa thumba. Musangoima."

Akanatha kukana. Anaganiza zokana, zonyamula kompyuta n'kuyamba wapansi msewu wa ku Vila. Koma maso onse anali pa iye, ndipo m'maso amenewo munalibe chilichonse chomuyembekezera. Anapita, anagwira thumba.

Anadutsa alamu. Anadutsa akwaya. Anadutsa a Faustino, amene anapatsidwa muyeso wosefukira chifukwa cha foni. Cremilda ankawadziwa ambiri mwa iwo kuchokera m'mafayilo, ankadziwa amene ali ndi minda itatu kumtunda komwe madzi sanafike, ndipo ankawathirira mbewu mmodzimmodzi atayang'ana pansi. Matumba anaphwa limodzi ndi limodzi. Pa thumba lomaliza Custódio anaima, anayang'ana kumapeto kwa bwalo, namwetulira.

"Dona Angélica. Bwerani kuno, mayi. Ife sitimadziwa kuti ndinu amayi ake a injiniya wathu. Bwanji simumanena zaka zonsezi?"

Ananena mokweza kuti aliyense amve. Cremilda anafuna kukuwa kuti mayiyu anayenera kukhala woyamba, osati chifukwa cha iye, koma chifukwa cha mtsinje. Kuti Rita naye anayenera, ndi ena onse akhala apowo. Koma umboni wake unali m'bokosi lozima pakhonde.

Angélica anadzuka. Anayang'ana Rita kamodzi, ndipo Rita anayang'ana kumbali. Anayenda kudutsa bwalo lonse, anafunyulula kathumba kake, anagwada, nawomba m'manja katatu.

"Zikomo, a Pulezidenti. Mulungu akudalitseni."

Cremilda anathira. Njere zina zinagwera pansi, ndipo Angélica anazitola imodziimodzi. Zotsala m'thumba lalikulu zinakwanira anthu awiri, basi. Ena onse anadzuka mwakachetechete, osadandaula, ngati anthu otuluka m'tchalitchi. Rita anali kale pa msewu, sanadikire mnzake.

Madontho oyamba anagwa akuluakulu. Bonifácio anathamangitsira sola ndi kompyuta m'kalasi. Custódio anaponda njinga yake ndi mwendo, inalira, napita. Angélica anamanga kukamwa kwa kathumba kake ndi luzi, nakaphimba ndi pulasitiki imene ankakulungira foni.

"Ukapepese kwa a Faustino usanapite," anatero. "Ndipo a Pulezidenti usamakangane nawo. Waona, tsopano atidziwa. Chaka chamawa sitivutikanso."

"Amayi, nanga a Rita?"

"A Rita alibe mwana ku ofesi." Anapinda nsalu n'kuiika pamutu, nawerama. "Nditwike, mvula yandipeza."

Cremilda ananyamula kathumbako n'kuwatwika.